Wotunga Mikanda Awerengere ndi Zala Zake Zomwe

Funso lalifupi kopambana pa msika ndi lakuti, "Ndi zingati?" Munthu amene wagulitsa tomato kapena kapenta kwa zaka zambiri amaliyankha asanaphethire ndi diso lomwe, pakuti mtengo wa zinthu zotere udziwika kwa aliyense. Koma mai kapena mtsikana amene wayamba kumene kutunga mikanda ya malonda, akamva funso limeneli mtima umamgunda. Amayang'ana nkhope ya wogula, amayang'ana nsapato zake, kenaka amachula mtengo uliwonse umene wafika pakamwa, ndipo kawirikawiri umakhala wocepa. Amaopa kuti akachula wokwera adzamseka, kapena adzamnena kuti ndi wadyera.

Ine nchito yanga ndi ya colembera, ndipo zala zanga sizidziwa singano. Koma kuyambira mu 2024 malonda amenewa ndawaonera pafupi, cifukwa ndiwo amdyetsa mlongo wanga wamng'ono pamodzi ndi ana ake atatu kumudzi kwathu m'boma la Katete. Cimene ndaphunzira poona iye ndico ndifuna kukuuzani inu awerengi, makamaka amai a m'makalabu ndi atsikana amene mwatsiriza sukulu koma muli pakhomo. Mtengo wa mkanda uyenera kucokera m'masamu, ndipo m'masamumo nthawi ya wotunga iyenera kulembedwa monga cinthu cogula ndi ndalama.

Tisanafike pa masamuwo, tikumbutsane kuti mkanda ndi cuma cakale m'dziko lino. Mu 1960, anthu amene anali kukumba pa citunda ca Ingombe Ilede, pafupi ndi pamene mtsinje wa Lusitu uthira mu Zambezi, anapeza manda a anthu olemera a makedzana. Anthuwo anaikidwa atabvala mikanda ya golide ndi ya galasi, pambali pao pali mitanda ya mkuwa. Mikanda ya galasiyo sinapangidwe kuno ai. Inaoloka nyanja yaikulu ya India ndi kukwera ndi Zambezi m'manja mwa amalonda, ndipo makolo anali kupereka minyanga ya njobvu ndi mkuwa kuti aipeze. Anzathu olankhula Cishona ku Zimbabwe kufikira lero mikanda amaicha "chuma". Ambuya anga, amene anaona masiku a masheleni Kwacha isanabwere mu 1968, anali kusunga mikanda yao m'kabotolo kokulunga m'nsalu, ndipo inali kutuluka pa cinamwali ndi pa ukwati pokha. Cinthu cimene makolo anacilemekeza cotere sitiyenera kucigulitsa monga ngati tikucitaya.

MIKANDA KHUMI YOYAMBA

Mukumbukira cilala ca 2024, cimene Pulezidenti Hakainde Hichilema anacilengeza m'mwezi wa Febuluwale kuti ndi tsoka la dziko lonse. Cimanga ca mlongo wanga cinauma cisanabereke. Mwamuna wake anamwalira kale, kotero kuti panalibe wina womyang'anira. Sukulu za Boma zinakhala zaulere kuyambira mu 2022, koma yunifomu, nsapato, makope ndi sopo zifunabe ndalama. Iye anakumbukira luso limene ambuya anamphunzitsa ali kamtsikana. Anagulitsa nkhuku, nakwera galimoto kupita ku Chipata, nabwera ndi timapaketi ta mikanda, ulusi wa nailoni ndi timaloko totsekera. M'mlungu umodzi anatunga mikanda khumi ya m'khosi, yokongola ndithu, ndipo inatha m'masiku atatu.

Anandiimbira foni mau ali m'mwamba. "Acimwene, yatha yonse! Anthu ali kulimbirana."

Nditapita kumudzi pa chuti patapita milungu itatu, ndinampeza alibe mkanda ndi umodzi womwe, ndiponso alibe ndalama yokagulira ina. Usiku titatha kudya tinang'amba pepala m'kope la mwana wake woyamba ndi kuyamba kuwerenga. Manambala amene ndilembe pano ndawasalaza kuti masamu asabvute, ndipo mitengo imasintha nthawi zonse. Inu mutenge njira yake yokha ndi kuikamo manambala a kwanu.

Mikanda yomwe anagula inali ya K120. Iye anagawa ndalamayi pa mikanda khumi, napeza K12 pa umodzi, ndipo anaganiza kuti akagulitsa pa K25 ndiye kuti wapindula K13. Pa khumi ija, isanu ndi umodzi inalipiridwa, ndiyo K150. Iwiri inapita pa nkhongole kwa abale amene anati adzalipira akagulitsa nshawa. Iwiri yotsala anaibvala alamu ake, mwa cibwana ca cilamu cimene mucidziwa, nati apita kukamuonetsera kwa anthu. Pa K150 ija panacoka ya mcere, ya sopo ndi ya kucigayo. Yotsala sinali yokwana ngakhale ulendo wa ku Chipata.

ZINTHU ZINAI ZOPANGA MTENGO

Coyamba ndi zipangizo zonse, osati mikanda yokha. Ulusi ndi timaloko zinali za K30, ndiyo K3 pa mkanda umodzi. Ulendo wopita ndi kubwera unali wa K40, ndiyo K4 pa umodzi. Ndiponso aliyense wotunga adziwa kuti timikanda tina timagwera m'fumbi, tina timasweka, tina tilibe boo, ndipo wogula afuna kapepala kokulungira. Pa zimenezi tinaikapo K1. Tikaphatikiza K12, K3, K4 ndi K1 tipeza K20. Iyi ndi ndalama imene yatuluka kale m'thumba wotunga asanakhale pansi.

Caciwiri ndi nthawi, ndipo apa ndi pamene ambiri oyamba amadzibera okha. Amati, "Ndatunga ndili cikhalire pa mphasa, sindinatope." Koma maola amenewo akanatha kukapalira m'dimba, kukacita ganyu kapena kuphika zitumbuwa zogulitsa. Njira yapafupi yopimira ndi kufunsa kuti ganyu wa tsiku limodzi alipira zingati kwanuko. Tinene kuti alipira K80 pa maola 8, ndiye kuti ola limodzi ndi K10. Mlongo wanga anali kutha maola awiri pa mkanda umodzi, ndiyo K20. Tsono mkanda uja wafika pa K40.

Nditamuonetsa nambalayi anakhala cete kanthawi. Pogulitsa pa K25, atacotsa K20 ya zipangizo, anali kutsala ndi K5 ya maola awiri. Munthu wopalira m'munda wa wina anali kulandira kanai kuposa iye, ngakhale kuti kupalira adziwa aliyense pamene kutunga adziwa owerengeka.

"Ndiye kuti ndinali kuwagwirira ganyu wa ulere," anatero.

Cacitatu ndi phindu. Malipiro a zala ndi a pakhomo, ogulira ndiwo ndi sopo. Phindu ndi la malonda eni ake, ndilo likulitsa mpamba kuti mwezi wamawa mugule mapaketi ambiri, ndilonso likuchinjirizani mtengo wa mikanda ukakwera m'sitolo. Ife tinaikapo gawo limodzi la magawo anai, ndiyo K10 pa K40, ndipo mtengo wa mkanda unakhala K50.

Cacinai ndi malo ogulitsira. Kukagulitsa kutali kuli ndi ndalama yake ya ulendo, ya cakudya, ya malo ogona ndi ya msonkho wa pa msika. Zonsezi zigawidwe pa mikanda imene muyembekeza kugulitsa ndi kuonjezedwa pamwamba. Mkanda wa K50 pakhomo sungakhale wa K50 ku Lusaka, kumene kuli makilomita oposa 500 kucokera ku Chipata.

Pali cinthu cimodzi cimene woyamba ayenera kucibvomera. Dzanja latsopano limacedwa. Ngati mkanda umene katswiri atunga m'maola awiri inu mukuutha m'maola asanu, simungalipiritse wogula maola asanu. Werengerani awiri, ndipo atatu otsalawo ndi malipiro a sukulu yanu. Pakupita kwa miyezi zala zidzafulumira, ndipo ndalama ya ola lanu idzakwera yokha mtengo usanasinthe.

UBWINO WA KATUNDU

Mtengo wokwera ufuna katundu wouyenera. Mikanda yaing'ono ya galasi imene igulitsidwa m'masitolo icokera kumaiko osiyanasiyana. Ya ku Czech Republic ndi ya ku Japan idziwika kuti ndi yofanana msinkhu ndi maboo ake, ndipo ndi yodula. Yambiri yochipa icokera ku China ndi ku India, ndipo m'paketi limodzi mumapezeka yaikulu ndi yaing'ono. Pa mapaketi ena pamalembedwa manambala onga 6/0, 8/0 kapena 11/0. Nambala ikakula, mkanda umacepa, kotero kuti 11/0 ndi timikanda tating'ono tofuna nthawi yaitali ndi maso akuthwa. Mkanda wotungidwa ndi timeneti uyenera kudula koposa wa 6/0, ngakhale utali uli umodzimodzi.

Musanagule mapaketi ambiri, yesani ocepa. Nyowetsani kansalu koyera ndi kupukuta mikandayo. Ngati kansalu kasintha mtundu, utotowo ndi wopaka pamwamba, ndipo thukuta lidzaucotsa ndi kudetsa bulauzi ya mwini. Fundo zimangidwe kawiri. Mukatsiriza, kokani mkandawo ndi manja awiri monga mmene mwana wa kumbuyo amakokera. Ukaduka m'manja mwanu mwataya ola limodzi, koma ukakadukira m'chalichi, timikanda ndi kumwazika pansi pa mabenchi, mudzi wonse udzadziwa amene anautunga. Tizitsulo ta ndolo tochipa kwambiri timayabwitsa makutu a anthu ena, conco funsani m'sitolo ta mtundu wabwino.

Sungani kacingwe koyezera. Mkanda wa m'khosi wa mai wamkulu nthawi zambiri umakhala wa masentimita 40 kufikira 45, ndipo cibangili ca pamkono 17 kufikira 19. Mikanda ya m'ciuno, imene alangizi adziwa mwambo wake, iyezedwe pa mwini wake, ndipo malonda ake acitikire m'nyumba mwaulemu. Siyoyala pa thebulo pamene papita ana ndi apongozi.

KUMENE KULI OGULA

Kumudzi ndalama imayenda nthawi ya kukolola ndi kugulitsa mbeu. M'miyezi ya njala, Januwale ndi Febuluwale, munthu sagula mkanda nkhokwe ili yopanda kanthu. Wotunga wanzeru amatunga nthawi ya mvula ndi kusunga, kuti akagulitse anthu akalandira za thonje, za nshawa ndi za cimanga.

Ife a cigawo ca Kum'mawa tili ndi mwai wa miyambo ikuluikulu imene isonkhanitsa anthu miyandamiyanda. Nc'wala ya Angoni icitika ku Mtenguleni pafupi ndi Chipata kumapeto a Febuluwale, ndipo mikanda ndi mbali ya cibvalo ca Cingoni. Kulamba icitika ku Mkaika m'boma la Katete kumapeto a Ogasiti, pamene mafumu a Acewa a mu Zambia, Malawi ndi Mozambique adza kwa Kalonga Gawa Undi. Anthu amabwera pa masiku amenewa ali ndi ndalama m'thumba ndi mtima wofuna kubwerera ndi cikumbutso. Tsiku la ufulu, pa 24 Okutobala, lifuna mikanda ya mitundu ya mbendera yathu, wobiriwira, wofiira, wakuda ndi wa lalanje. Amai a mabungwe a m'machalichi ndi operekeza akwati amafuna mikanda yofanana yambirimbiri, yogwirizana ndi citenje cimene asankha.

Alendo ocokera kunja ali ndi misika yao. Ku Lusaka kuli Kabwata Cultural Village, nyumba zozungulira zimene boma la atsamunda linamangira anchito, zimene mu 1974 zinasandutsidwa malo a anthu a luso la manja. Ku Livingstone alendo odzaona mathithi a Mosi-oa-Tunya amagula zosema ndi mikanda. Kwathu kuno kuli Mfuwe, khomo la nkhalango ya South Luangwa. Kumeneko kampani ya Mulberry Mongoose ipanga zokometsera ndi waya wa misampha imene alonda a nyama acotsa m'chire, ndipo alendo amalipira bwino cifukwa cinthuco cili ndi nkhani yake. Phunziro lake ndi lakuti mlendo afuna kudziwa amene anatunga, kumene akhala, ndi cimene mitunduyo itanthauza. Muuzeni zoona, mwacidule.

Koma cenjerani pa zinthu ziwiri. Musasakanize m'mikanda yanu mnyanga wa njobvu, mano kapena zikhadabo za nyama za m'chire. Malamulo a dziko lino aletsa kukhala ndi zinthu zotere popanda cilolezo, ndipo malonda a minyanga pakati pa maiko analetsedwa mu 1989. Ndiponso pali tinjere tofiira ta mutu wakuda timene timera pa ziyangoyango m'chire. N'tokongola, koma tili ndi ululu wakupha, makamaka tikabooledwa, ndipo mwana angatiike m'kamwa.

Wamalonda wa m'tauni akafuna kugula yambiri kuti akagulitse, ayenera kuipeza pa mtengo wotsikirapo, pakuti wakucotserani ulendo ndi kudikira pa dzuwa. Pa citsanzo cathu angatenge khumi pa K45 umodzi. Kutsika kupyola K40 ndiye kuti mwayamba kumlipira iye kuti anyamule katundu wanu. Mwini sitolo akati musiye katundu adzalipire akagulitsa, lembani mapepala awiri osonyeza ciwerengero, mtengo ndi tsiku lobwerera, ndipo nonse musaine.

KUNENERERA, NKHONGOLE NDI CIBALE

Kunenerera mtengo ndi mwambo wa pa msika, ndipo wogula amakondwa akaona kuti mwamtsitsirako. Cifukwa cake cokani pakhomo muli ndi manambala awiri m'mutu, woyambira ndi wotsirizira. Pa mkanda wa K50 mungayambe pa K60. Wogula akatsika kupyola malire anu, muthokozeni mwaulemu ndi kubweza katundu pa thebulo. Mkanda si tomato, suola ukagona. Ndiponso m'malo mwa kudula mtengo, ndi bwino kupatsa mbasela ya kamphete kotungidwa ndi timikanda totsala, pakuti wogula amapita wokondwa ndipo mtengo wanu umakhala pomwepo. Munthu amene mwamgulitsa pa K30 lero adzauza anzake asanu kuti mtengo ndi K30.

Cobvuta kopambana ndi cibale. Mlongo wanga sanafune kudana ndi alamu ake, pakuti ndi anthu omwewo amene anamthandiza pa maliro a mwamuna wake. Anapeza njira iyi. Pa mikanda khumi ndi iwiri iliyonse amapatula umodzi wa mphatso, ndipo ameneyo amaupereka yekha kwa amene wamsankha, ndi manja awiri. Yotsalayo amati ndi ya mpamba. Wina akapempha amayankha kuti, "Mlamu, iyi si yanga, ndi ya m'bokosi. Ndikaicotsa, ana agona ndi njala." Poyamba panali kung'ung'udza, koma m'kupita kwa nthawi anazolowera, ndipo ena a iwo ndiwo akumbweretsera ogula.

Foni yafupikitsa mtunda. Cithunzi cojambulidwa panja m'mawa, mkanda uli pa nsalu yoyera, cingafike pa WhatsApp kwa wacibale wa ku Lusaka kapena ku Kitwe amene angaonetse anzake a ku nchito, ndipo ndalama ingabwere pa Airtel Money kapena MTN. Pa malonda otere musaiwale kuwerengera ya kutumiza katundu pa basi ndi ya kutapa ndalamayo. Munthu akaitanitsa mikanda ya mitundu yakeyake, monga ya ukwati, apereke theka musanayambe. Musakhulupirire uthenga wongokuonetsani kuti ndalama yatumizidwa. Yang'anani m'foni yanu kuti yalowadi, ndiye katundu acoke.

ZITINI ZIWIRI

Mlongo wanga tsopano ali ndi zitini ziwiri pansi pa bedi. Pa mkanda uliwonse wa K50, K30 ilowa m'citini ca malonda, ndiyo ya zipangizo ndi phindu, ndipo K20 ilowa m'ca pakhomo. Citini ca malonda sicitsegulidwa ngakhale mcere utatha. Ali ndi kope limene alembamo tsiku, cimene wagula, cimene wagulitsa ndi mtundu umene anthu aufunsa kawirikawiri. M'kopemo ndimo anaonera kuti zibangili ndi ndolo, zimene zitha msanga kutunga, zimbweretsera ndalama yambiri pa ola kuposa mikanda yaitali. Sanalemere ai. Miyezi ina igwa bwino, ina ingodutsa. Atakweza mtengo anataya ogula ena amene anazolowera K25, ndipo anadandaula. Koma mpamba wake sunafenso, ndipo ana apita ku sukulu atabvala nsapato.

Cotsala ndi ca ife tonse. M'mudzi mwathu atsikana ena atatu ayamba kutunga, ndipo ngati aliyense atsitsa mtengo kuti alande ogula a mnzake, onse anai adzagwira nchito ya ulere. Akulu anati mutu umodzi susenza denga. Otunga a dera limodzi angasonkhanitse ndalama ndi kutuma munthu mmodzi kukagula mikanda yambiri pa mtengo wa pikulitsa, ulendo ndi kukhala umodzi m'malo mwa anai. Angacite cilimba kuti aliyense alandire mpamba pa nthawi yake. Angagwirizane malire amene palibe adzatsika kupyola, ndi kubwereka thebulo limodzi pa Kulamba kapena pa Nc'wala. Amai a m'makalabu, nkhani iyi ikambidwe pa msonkhano wanu ukudzawu, ndipo aliyense abwere ndi kope, colembera ndi mkanda umodzi umene anautunga, kuti muuwerengere pamodzi kuyambira pa ulusi kufikira pa ola lotsiriza.